Kajezi pa mwana, thirakisuti pa mayi: mlandu uli pati?

Loweruka m'mamawa pamsika wa Tsoka, m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, mpeni usadadule n'komwe zingwe za belo la zovala za ana, amayi amakhala atalizinga kale. Ena abereka ana kumsana, ena agwirizira mabeseni m'chiuno, ndipo palibe amene akuyang'ana mnzake. Belo likangophulika, fungo lija la kaunjika n'kumveka, manja amalowa. Timadiresi ta maluwa ta nsalu zitatu zosanjikizana timatembenuzidwa kamodzi n'kuponyedwa pambali. Kasuti ka tayi yomata pakhosi kamaseketsa anthu, wina n'kukakweza m'mwamba kuti anzake aone, kenako n'kukabweza pamulu. Zimene zimalimbiranidwa ndi zina: timathalauza ta lasitiki m'chiuno, timajuzi ta zipi, timakabudula topepuka ndi timajezi ta mpira, kaya n'ta Arsenal, ta Chelsea, kapena ta timu ya sukulu ina ya ku England imene palibe aliyense pamsikapo adaimvapo. Mayi amakoka lasitikiyo kawiri katatu kuti aone ngati idakali ndi moyo, amayeza mwendo wa thalauza pa mwana ali kumsana, ndiye n'kuyamba kunenerera mtengo.

Dzuwa lisadafike pamutu, zamasewera zatha. Timasuti tatsala.

Zovala zomwezo zikachoka pamsika n'kukaonekera kusikelo, m'minibasi kapena pakhomo la tchalitchi, zimasanduka mlandu. Agogo amafunsa ngati mwanayo alibe malaya enieni. Amayi a mumpingo amayang'anizana, wina n'kutsina mnzake. Zikachitika kuti mayi wa mwanayo nayenso wavala thirakisuti ndi masinika, chigamulo sichichedwa: ndi waulesi, sadalangizidwe, watengera za pa Facebook, wanyozetsa mwamuna wake. Koma bambo amene wavala jezi yofiira ya Bullets, atanyamula paphewa mwana wovala kofiira komweko, ulendo wa ku Kamuzu Stadium, amayamikiridwa kuti akulera Maule a mawa. Nsalu ndi imodzimodzi, msika ndi womwewo. Chasiyana ndi amene waivala ndi amene akuyang'ana.

Popeza kwathu kuno mwana wa mnzako ngwako yemwe, aliyense amadziona kuti ali ndi ufulu wonenapo pa zimene mwana wa eni wavala, ndipo ufuluwo si woipa. Ndi umene umachititsa mlendo kutsomphola mwana pamsewu galimoto ikubwera. Koma wonena azikhala ndi muyeso wolondola. Chovala cha mwana wazaka ziwiri kapena zitatu chiyezedwe ndi zimene mwanayo amachita kuyambira m'mawa mpaka madzulo, komanso ndi sopo, madzi ndi makala amene ali m'nyumba mwawo. Tikayeza chotere, zovala zamasewera zimapambana, ndipo mayi amene wazisankha wawerengera bwino. Zifukwa zozikayikira zilipo ndithu, zina zoopsa, koma si zimene zimanenedwa pakhomo la tchalitchi.

Mwana wongophunzira kuyenda ali ndi ntchito, ndipo ntchito yake ndi kusewera. Amakwera pakhonde n'kutsika, amakwawa pansi pa benchi, amathamangitsa nkhuku, amakhala pansi m'fumbi, amadzithira phala pachifuwa. Umu ndi mmene minofu imalimbira, ndi mmene amadziwira kuti sitepe njotalika bwanji. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo akuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 4 azikhala akuyendayenda ndi kusewera kwa mphindi zosachepera 180 patsiku, kutanthauza maola atatu athunthu. Tsono muvekeni mwana ameneyu diresi lofika m'mapazi, kapena jinzi youma yomanga ndi lamba, ndi nsapato zolimba za pa ukwati. Amapunthwa, koma kupunthwako n'kochepa. Choipa kwambiri n'chakuti munthu wamkulu amayamba kulondera chovala m'malo molondera mwana. "Usakhale pansi!" "Udetsa malaya!" Mawu amenewa amamveka pa ukwati uliwonse ndi pa Khirisimasi iliyonse, ndipo nthawi zina amatsagana ndi mbama. Mwana amalangidwa chifukwa chochita zimene thupi lake likufuna, pofuna kuteteza nsalu imene iye sadaipemphe.

Pali nkhani inanso imene oweruza saiganizira, mwina chifukwa adaleka kale kuchapa matewera. Mwana amene wayamba kuphunzira kupita yekha kuchimbudzi akanena kuti mkodzo wamugwira, nthawi yotsala imakhala yochepa kwambiri. Thalauza la lasitiki amalitsitsa yekha ndi timanja take. Lamba, mabatani ndi zipi yolimba zimafuna munthu wamkulu, ndipo pa sukulu ya mkombaphala, pamene mlezi mmodzi akuyang'anira gulu lonse la ana, munthu wamkuluyo safika msanga. Mwana akadzinyowetsa pamaso pa anzake amachita manyazi, mawa lake n'kukana kupita. Amene amatha kudzithandiza yekha amayenda mutu uli m'mwamba, ndipo ulemu umenewo ngwake iye mwini, si wa makolo ake.

Tsopano tilowe m'nyumba. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu 17.5 miliyoni, ndipo mwa mabanja 100 aliwonse, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira magetsi. Ambiri madzi amakatunga pamjigo kapena amagula pa kiyosiki, chidebe ndi chidebe. Malaya oyera a kolala amafuna kunyikidwa, kufikisidwa, kutsukuluzidwa kawiri, kenako kusitidwa ndi simbi ya makala, imene kamoto kamodzi kakathothoka kamasiya chibowo pachifuwa. Mwana amawavala ola limodzi, n'kuwathira Sobo. Jezi ya mpira imafuna sopo wochepa, imauma msanga ngakhale mu Januwale mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, sisuluka, ndipo mkulu akaikulira imapita kwa mng'ono wake idakali yolimba. Mwana wamng'ono amasintha zovala kangapo patsiku, choncho kusiyana kumeneku pakutha pa mwezi kumaoneka m'thumba, kumamvekanso pamsana pa wochapa. Ndalama nazo masiku ano si zosewera nazo. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe adaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula kuti mtengo wa belo wafika posapiririka. Mayi amene ali ndi ndalama ya chovala chimodzi sangagule choti mwana azivala Lamulungu lokha.

Amene amati ndi ulesi sadachapepo za mwana wazaka ziwiri ndi chidebe chimodzi cha madzi.

Nanga manyazi amenewa adachokera kuti? Amene amati thirakisuti ikuononga chikhalidwe cha makolo amaiwala kuti makolowo ankavala nyanda ndi zikopa, ndipo mwana wamng'ono ankayenda ndi mkanda m'chiuno basi, popanda womunena. Suti, tayi ndi diresi la Lamulungu zidabwera ndi amishoni amene adafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, zidakula ndi ukalaliki wa m'maofesi a atsamunda, ndipo zidatchuka m'midzi pamene amuna obwera ku Joni ndi ku Salisbury ankafika atatchena, sutukesi kumanja. Tisazinyoze, chifukwa kutchena kumeneku kudali ndi tanthauzo lalikulu. John Chilembwe adajambulitsa atavala suti, mkazi wake Ida atavala diresi lalitali, pa nthawi imene mzungu ankayembekezera kuti munthu wakuda avule chipewa akakumana naye panjira. Dandaulo la zipewali lidamveka ngakhale pa kafukufuku amene boma la atsamunda lidachita pambuyo pa kuukira kwa Chilembwe mu 1915. Kwa anthu amenewo, kuvala bwino kudali kunena kuti nafenso ndife anthu. Agogo amene amakwinya nkhope akaona mdzukulu ali mu kabudula wa mpira patsiku la ubatizo akusunga chinthu chimene makolo awo adachivutikira, ndipo ayenera kuyankhidwa mwaulemu.

Koma pamwamba pa kunyada kumeneku padadzaikidwa mantha. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene ankaonekera pagulu atavala suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa, adasandutsa kavalidwe kukhala nkhani ya apolisi. Lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa mawondo pagulu, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa, ngakhale alendo ongotsika ndege. Siketi yaifupi malo ake adali pabwalo la ntchemberembaye. Mpira ukatha, mtsikana ankamanga chitenje asadalowe mumsewu. Lamuloli lidachotsedwa mu 1993, chaka cha referendamu. Zaka 20 n'zokwanira kulera m'badwo wonse, ndipo m'badwo umenewo ndiwo lero uli apongozi, akuluampingo ndi aphunzitsi aakulu. Adakula akudziwa kuti chovala chamasewera chili ndi mpanda wake, ndi kuti mkazi wovala thalauza kunja kwa mpandawo walakwira boma. Lamulo lidafa papepala, diso lidatsala. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre adayamba kuvula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi m'misewu, mpaka amayi adasonkhana ku Blantyre kutsutsa mchitidwewo, Joyce Banda, amene panthawiyo adali wachiwiri kwa pulezidenti, ali nawo. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adachita kulankhula pawailesi kuti mayi ali ndi ufulu wovala chimene akufuna. Funso limene amayiwo adafunsa mavenda lidali lakuthwa: lero ndikugule, mawa undivule?

Mayi wa thirakisuti amene akunenedwa lero savulidwa, koma manong'onong'owo muzu wake ndi womwewo. Tikafunsa kuti walakwa chiyani, yankho limasowa. Ngati nkhani ndi kubisa thupi, thirakisuti yotakasuka imabisa kuyambira m'khosi mpaka m'mapazi, kuposa siketi yothina ya ku ofesi imene palibe amainena. Ngati nkhani ndi ntchito, tsiku la mayi wa mwana wamng'ono ndi la kuwerama, kunyamula, kuthamangira mwana amene walunjika kumsewu, ndi kukwera kabaza. Pa njinga yamoto, mayi wovala thalauza amakhala motang'adza, mapazi onse awiri atapondera, manja onse awiri ali omasuka kugwira. Wovala siketi yothina amakhala cham'mbali, dzanja limodzi pa mwana, lina pa chitsulo, chitenje chikulendewera pafupi ndi masipoko. Mwa awiriwa, amene wakhala motetezeka akudziwika.

Diso limeneli lili ndi mbali inanso, ya chuma. M'mawa uliwonse m'misewu ya ku Area 10 ndi Area 43 ku Lilongwe, kapena ku Namiwawa ku Blantyre, mumadutsa mabwana ndi madona ovala mathirakisuti, ndipo aliyense amati akusamala thanzi, akuthawa shuga ndi BP. Lachisanu m'maofesi ambiri tayi imapuma, anthu n'kuvala malaya a gofu a kampani. Mayi wa ku Mtandire kapena ku Mbayani akavala thirakisuti ya pa belo, dzina lake limakhala lina. Kumene mabelo amachokera nako matendawa aliko. Ku Britain thirakisuti idakhala kwa zaka zambiri chinthu chonyozera mabanja osauka a m'nyumba za khonsolo, ndipo mu 2005 malo aakulu a masitolo a Bluewater ku Kent adaletsa anthu kulowamo atabisa nkhope m'zipewa za majuzi. Ku Houston, ku America, mu 2019 mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya sekondale adalembera makolo mndandanda wa zovala zimene sayenera kubwera nazo pasukulu, kuphatikizapo mathalauza othina a masewera, ndipo padabuka mkangano woti lamulolo likulondola amayi osauka achikuda. Konsekonse nkhani imayambira pa nsalu, n'kukathera pa funso loti wavalayo ndi mwana wa yani.

Wina anena kuti m'mera mpoyamba: mwana amene sadaphunzire ali wamng'ono kuti malo aliwonse ali ndi chovala chake adzapita kokafunsira ntchito atavala kabudula. Mfundoyi ili ndi choonadi chake, ndipo pa anthu akuluakulu njosatsutsika. Bambo wopita ku chinkhoswe cha mlongo wake atavala jezi ya Chelsea ndi patapata wanyoza ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Pamaliro mayi amamanga chitenje ndi duku, ndipo mayi wa Mvano kapena wa Dorika sangalowe pamzere wa anzake atavala masinika ofiira. Koma taonani kuti mwambo udapeza kale njira popanda kuletsa chilichonse. M'chikwama cha mayi wa m'tauni simusowa chitenje chopinda. Akatsika basi pafupi ndi kwa apongozi, kapena akamva kuti kwa aneba kwagwa zovuta, amachimanga pamwamba pa thalauza, nkhani n'kutha. Chimene mwambo umafuna n'chakuti munthu azindikire pamene waima, ndipo amayi ambiri ovala mathirakisuti amazindikira bwino lomwe. Mwana wazaka ziwiri sadafike pamenepo. Ulemu umene angathe kuphunzira pa msinkhu wake ndi wolandira chinthu ndi manja awiri, woyankha akaitanidwa, wonena zikomo, ndipo zonsezi amaziphunzira bwinobwino ali mu jezi. Za kusiyanitsa chovala cha kumaliro ndi cha kumpira adzaziona kwa makolo ake akamakula, ndipo yunifomu ya ku pulayimale ikumudikira zaka 6 zikakwana. Tinene zoona: kasuti pa mwana wa miyezi 18 n'ka makolo, n'ka chithunzi. Kujambulitsa sikulakwa, bola chithunzi chikatha mwana amasulidwe.

Dandaulo loti mwana wasandutsidwa chikwangwani cha malonda a eni ndi lomveka, ngakhale mbiri ili ndi nthabwala yake pamenepa. M'chaka chomwe cha 1973 chimene Malawi ankaletsa mathalauza, kampani ya Admiral ya ku Leicester idagwirizana ndi timu ya Leeds United kuti izisoka majezi ofanana ndi a osewera n'kumagulitsa m'masitolo, ndipo ogula amene inkawafuna adali ana. Akuluakulu adadzayamba kuwavala pambuyo pake, kulanda chovala cha ana. Komabe za malondazo n'zoona. Majezi a Liverpool a kuyambira 1992 mpaka 2010 ali ndi dzina la mowa wa Carlsberg pachifuwa, dzina limene m'Malawi silifuna womasulira popeza fakitale yake ku Blantyre idatsegulidwa mu 1968. A zaka zaposachedwapa ambiri ali ndi mayina a makampani a juga, mpaka matimu a mu Premier League adagwirizana mu 2023 kuti mayina otere achoke kutsogolo kwa jezi nyengo ya 2025/26 ikatha. Ku England majezi a ana sakhala ndi mayina a juga, koma osoka majezi achinyengo amene amadzaza m'misika yathu amangokopera za akulu n'kuchepetsa. Mwana wazaka ziwiri sawerenga, inde, koma mkulu wake wa Sitandade 7 amawerenga, ndipo timashopu tobetcherana mpira tili ponseponse m'matauni athu. Kholo limene lakana jezi ya dzina la juga lachita bwino, ndipo pamulu womwewo lipezapo ina yopanda dzina lotere.

Za kuti mwana akukakamizidwa timu asadayambe kuyankhula, zisatitayitse nthawi. Amapatsidwanso dzina, mfunda ndi mpingo osafunsidwa, ndipo si zachilendo mwana wa Manoma kukula n'kuthawira ku Maule bambo ake ali moyo. Funso lolemera ndi loti n'chifukwa chiyani ana a ku Chilomoni ndi ku Kawale akuvala London ndi Manchester pomwe kwawo kuli ngwazi. Mu Januwale 2022, pamene Flames idafika koyamba mu ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa ku Cameroon, Gabadinho Mhango n'kugoletsa Morocco chigoli chochokera patali chija, dziko lonse lidafuna kuvala kofiira. Mu 2023 timu ya amayi ya Scorchers idatenga chikho cha COSAFA pogonjetsa Zambia, ndipo mu 2024 Temwa Chawinga adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America. Mtsikana wazaka zitatu wovala jezi ya dzina la Chawinga kumsana akuuzidwa chinthu chimene agogo ake aakazi sadauzidwepo. Koma kajezi koteroko, ka msinkhu wa mwana ndi ka mtengo umene mayi wogulitsa tomato angathe, n'kosowa, pomwe ka Arsenal kali pamulu uliwonse. Mlandu umenewu ukatulidwe kwa akuluakulu a bungwe la mpira la FAM ndi a matimu, amene ali ndi msika wa ana ambirimbiri pakhomo pawo koma akuusiyira belo.

Nkhani ya matelala ndi alimi a thonje njowawa. Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene nsalu zake zidali m'nyumba iliyonse, idafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003, ndipo kaunjika ndi chimodzi mwa zimene zidaifooketsa. Thonje la ku Chikwawa, Balaka ndi Salima limatuluka m'dziko, zovala n'kulowa. Koma kasuti ndi diresi la netineti zimene oweruza amafuna kuti mwana avale nazonso zambiri zimachokera m'belo lomwelo, kapena m'masitolo a katundu wa ku China. Telala wa pakhonde amadya za zitenje, mayunifomu ndi zovala zofanana za pa chinkhoswe, ndipo kumeneko thirakisuti simulanda msika. Dziko likafuna kutseka chipata cha kaunjika, njira yake ndi ya boma ndipo ili ndi mtengo wake: Rwanda idakweza msonkho wa zovala zakale mu 2016, America n'kuichotsera mu 2018 mwayi wogulitsa zovala zake kumeneko popanda msonkho. Nkhondo ya msinkhu umenewo sangaimenye mayi wa pamzere wa kusikelo.

Zochenjera nazo zenizeni zili m'nsalu mwenimwenimo. Majezi ndi mathirakisuti ambiri ndi a poliyesitala, imene ambiri timangoti nayiloni. Jezi yopepuka ya timabowo imapitisa mphepo, koma thirakisuti yochindikala, kapena ija yoterera yolira munthu akamayenda, imatsekera thukuta. Mu Juni ndi Julayi ku Dedza, ku Mzuzu, kapena ku Thyolo chiperoni chikamawaza, ndi chovala chabwino zedi. Mu Okutobala ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, kumuveka mwana thirakisuti yonse n'kumuberekanso kumsana n'kumuzunza. Totupa toyabwa timatuluka m'khosi ndi m'khwapa, ndipo thupi la mwana wamng'ono limatentha msanga kuposa la wamkulu, pomwe iye sangathe kunena kapena kuvula yekha. Nyengo yotero kamalaya ka thonje ndi kabudula n'zokwanira, ngakhale thirakisutiyo ikhale yatsopano ndipo mayi akufunitsitsa kuti anthu aione.

Choopsa kwambiri ndi moto. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, pamafuwa kapena pambaula, pansi pomwepo pamene mwana akuyendapo. M'wodi ya anthu opsa ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre ana aang'ono ndiwo amachuluka, makamaka m'miyezi yozizira pamene banja limaothera moto. Nayiloni ikagwira moto imasungunuka n'kumatirira pakhungu, bala n'kuzama. Izi aliyense wogula jezi azidziwe. Koma asaganize kuti chovala cha Lamulungu ndicho chitetezo. Thonje lopyapyala limayaka msanga, ndipo chovala chotambalala chimafika pa lawi mwini wake asadafikepo. Diresi lofufuma la netineti, limene aliyense amaliyamikira kutchalitchi, lili ndi zoipa zonse ziwiri: ndi la nayiloni, ndiponso limatambalala. Pafupi ndi mbaula, kathalauza kogwira miyendo n'kabwinoko kusiyana ndi diresi limenelo, ngakhale chabwino koposa n'chakuti mwana asafikepo n'komwe.

Kusasita, kumene kuli mwayi waukulu wa jezi, kuli ndi msampha wake. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, makamaka zimene zatsalira fungo la mkodzo ndi thukuta. Mwana akavala, timphutsi timaboola khungu n'kukulira momwemo, kumsana ndi m'matako n'kutuluka zithupsa zowawa. Kutentha kwa simbi ndiko kumapha mazirawo, ndipo n'chifukwa chake agogo ankasita ngakhale matewera. Jezi anthu saisita poopa kuti nambala ya kumsana ingasungunuke. Ndiye iziyanikidwa pachingwe, padzuwa lenileni, mpaka iume gwa, osati pa kapinga kapena pa mpanda wa maluwa. Nyengo ya mvula itembenuzidwe, pamwamba pake paikidwe chitenje, n'kupititsapo simbi.

China n'chaching'ono moti ambiri sachiona: chingwe cha m'chipewa cha juzi. Chikakola pa msomali, pa nthambi, pa chitseko cha minibasi kapena pa katungwe, chimamanga khosi la mwana amene sadziwa kudzimasula. Britain idaletsa zingwe zotere pa zovala za ana mu 1976, maiko a ku Ulaya saziloleza pa zovala za ana osakwana zaka 7, ndipo America idaikapo lamulo lake mu 2011. Koma pamsika wathu pamafika chilichonse, ndipo palibe amene amaima pa belo kuti aone zingwe.

Inu amene mumakhala nawo pabenchi la kusikelo kapena mu mpando wa m'minibasi, mukaona mwana ali mu thirakisuti yochindikala dzuwa likuswa mtengo, auzeni amayi ake amuvule juzi. Mukaona chingwe chikulendewera pakhosi pake, pemphani lumo mudule. Za kuti mayiyo wavala masinika, zisiyeni.